Kagwirizanitsidwe ka liwiro, kiyi ndi ma chord pa nyimbo ya vayolini

Masiku ano si zachilendo kumva vayolini ikulira pa maukwati a mu Lilongwe, makamaka pa nthawi imene mkwatibwi akulowa m'tchalitchi kapena m'holo. Pena woyimba vayoliniyo amakhalapo ndithu, atayima chapafupi ndi guwa, ndipo amafuna munthu wa kiyibodi woti amuperekeze. Pena pamangokhala DJ amene walandira nyimbo pa foni Lachisanu usiku, n'kuuzidwa kuti mawa ailumikize ndi nyimbo ina popanda kudukiza. Anthu awiriwa amakumana ndi mafunso ofanana, pakuti aliyense ayenera kudziwa liwiro la nyimboyo, kiyi imene ilimo, komanso mawu amene angamveke pansi pake kapena pambuyo pake osapweteka khutu. Malangizowa ndawalemba monga munthu amene wakhala pa kiyibodi ya kwaya kwa zaka zingapo, ndipo akunena za nyimbo zachikale za ku Ulaya zimene anthu amazitcha za classical. Mfundo yoti muigwire poyambirira ndi yakuti manambala amene kompyuta imakupatsani ndi poyambira chabe, chifukwa nyimbozi zimapuma ngati munthu, sizigunda mofanana ngati chigayo.

Yambani ndi A, kiyi ibwera pambuyo

Vayolini ili ndi nsambo zinayi zochunidwa pa G, D, A ndi E, kuchokera ku yaikulu kufika ku yaing'ono. Woyimba amayamba kuchuna nsambo ya A, ndipo zitatu zinazo amazitengera pa imeneyo ndi khutu. Muyezo wodziwika ponseponse ndi wakuti A ameneyu azigwedezeka ka 440 pa sekondi imodzi, zomwe zimalembedwa kuti 440 Hz. Muyezowu anaugwirizana pa msonkhano wa ku London m'chaka cha 1939, ndipo makiyibodi ambiri amachoka ku fakitale ali pomwepo. Komabe magulu ambiri a okestra a ku Ulaya amakweza A wawo kufika pa 442 kapena 443 Hz. Kusiyanaku n'kochepa, koma mukaliza A wa 440 pamodzi ndi wa 442, mawu amamveka akugwedera kawiri pa sekondi iliyonse, ndipo pa noti yaitali kugwederako sikubisika. Ngati mukuyimba pamwamba pa nyimbo yojambulidwa, lowani m'makonzedwe a kiyibodi yanu, pezani pamene pamasinthidwira machunidwe a chida chonse, ndipo kwezani pang'onopang'ono mpaka kugwederako kuthe.

Msampha waukulu uli pa nyimbo za nthawi ya Bach ndi Vivaldi, olemba nyimbo akale a ku Ulaya. Magulu amene amayimba nyimbozi ndi zida zopangidwa mwachikale amakonda kuchuna A pa 415 Hz, ndipo nambala imeneyi ili pafupifupi semitone yathunthu pansi pa 440 (semitone ndi mtunda wa pakati pa manoti awiri oyandikana pa kiyibodi). Zotsatira zake n'zakuti nyimbo imene papepala inalembedwa mu D imamveka ngati ili mu D fulati, kutanthauza D wotsitsidwa ndi semitone imodzi, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta yopezera kiyi ikaimvetsera imanena motsimikiza kuti ndi D fulati kapena C shapu, yemwe ndi C wokwezedwa ndi semitone imodzi. Pulogalamuyo sinaname, koma mukatenga pepala n'kuyamba kuyimba D pamwamba pa chojambulidwacho, chotuluka ndi phokoso lokhalokha. Choncho pulogalamu ikakupatsani kiyi yachilendo ngati D fulati kapena G shapu minor pa nyimbo yakale ya vayolini, kayikirani msanga kuti oyimbawo anachuna pa 415. DJ atsatire kiyi imene ikumveka m'makutu, pamene wa kiyibodi amene akuwerenga pepala atsitse chida chake ndi semitone imodzi.

Ngati woyimba vayolini alipo pamaso panu, ntchito ndi yapafupi, pakuti iye ndiye amasuntha kutsatira kiyibodi. Mpatseni A wa pamwamba pa C wapakati, ndipo mutsatize ndi chord ya D minor, kutanthauza D, F ndi A, chifukwa oyimba ambiri amamva bwino A akakhala pakati pa anzake kusiyana ndi akakhala yekha. Nyengo ya kuno imachita nawo mbali. M'miyezi ya June ndi July mpweya wa mu Lilongwe umauma kwambiri, thabwa limanyala, ndipo zikhomo zomangira nsambo zimaterera; m'nyengo ya mvula zikhomozo zimafufuma n'kumakana kutembenuka. Vayolini imene yachokera m'galimoto lotentha la mu October isachunidwe nthawi yomweyo, iyambe yakhala kanthawi m'chipinda chimene iyimbidwiremo, ndipo ichunidwenso mwambo utatsala pang'ono kuyamba. Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Woyimba vayolini amachuna nsambo zake molingana ndi mgwirizano woyera wa khutu, pamene kiyibodi imagawa octave, mtunda wochokera pa doh kufika pa doh wotsatira, m'zigawo 12 zofanana, kotero kuti G wa vayolini amatsika pang'ono poyerekeza ndi G wa kiyibodi ngakhale A wawo ali mmodzi. Ngati nyimbo ikudalira kwambiri nsambo ya G, m'pempheni woyimbayo mwaulemu kuti aiyerekezenso ndi G wanu.

Kupeza kiyi

Pepala la nyimbo likakhalapo, yang'anani zizindikiro za shapu kapena fulati zimene zili kumayambiriro kwa mzere uliwonse. Pa ma shapu, tengani womalizira kudzanja lamanja n'kukwera semitone imodzi, ndipo pamene mwafikapo ndiye doh. Ma shapu awiri, F ndi C, akupatsani D. Atatu akupatsani A. Anayi akupatsani E. Mmodzi yekha akupatsani G. Pa ma fulati, wachiwiri kuchokera kumapeto ndiye dzina la kiyi, kotero kuti ma fulati atatu akutanthauza E fulati, ndipo fulati mmodzi yekha ndi F, chimene muyenera kungochiloweza pamtima.

Zizindikirozo sizimaliza nkhani, chifukwa gulu lililonse la zizindikiro limatumikira makiyi awiri, wina wa major, wina wa minor. Aliyense amene anaphunzira solfa ku kwaya amaidziwa kale nkhaniyi ngakhale sanaitchulepo ndi mayina amenewa: nyimbo ya major imapumira pa doh, ya minor imapumira pa lah. Ma shapu awiri angakhale D major kapena B minor, ndipo fulati mmodzi angakhale F major kapena D minor. Kuti musiyanitse, yang'anani noti yomaliza ya pansi penipeni, kenaka fufuzani m'kati mwa nyimbo ngati soh akukwezedwa kawirikawiri kukhala se. Mu D minor mudzaona C shapu akubwerezabwereza ngakhale palibe pa zizindikiro za kumayambiriro, ndipo mu B minor mudzaona A shapu. Musadalire chord yomaliza yokha, chifukwa olemba nyimbo akale ankakonda kutseka nyimbo ya minor ndi chord ya major, ndipo chord imodzi imeneyo siisintha kiyi ya nyimbo yonse.

Pepala likasowa, gwiritsani ntchito khutu ndi pakhosi. Mvetserani gawo loyamba la nyimbo kawiri kapena katatu, iimitseni, ndipo ng'ung'udzani noti imene mtima wanu ukufuna kupumirapo. Ifunefuneni noti imeneyo pa kiyibodi, igwireni pansi nyimbo ikuyenda, ndipo muone ngati ikukhala mwamtendere pa malo pamene chiganizo cha nyimbo chikuthera. Mukaipeza, yesani chord ya major ndi ya minor pa notiyo, ndipo imodzi idzakana yokha. Pokhapokha mutatero m'pamene muyenera kufunsa pulogalamu, kaya ndi Mixed In Key, Rekordbox kapena Serato, kuti muone ngati mukugwirizana nayo. Mapulogalamuwa amachita bwino pa nyimbo zovina zimene zimakhala mu kiyi imodzi kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Pa vayolini amasokonezeka, chifukwa woyimba amagwedeza chala pa nsambo kuti noti inthunthumire, komanso chifukwa nyimbo ya classical imachoka pakhomo pake n'kukayenda m'makiyi ena isanabwerere. Kawirikawiri pulogalamu ikalakwa imakupatsani mnansi wa kiyi yeniyeni, monga A kapena B minor m'malo mwa D.

Mukayamba kufufuza mudzadabwa ndi kuchuluka kwa nyimbo za vayolini zimene zili mu D. Beethoven analemba concerto yake ya vayolini, nyimbo yaitali ya vayolini yoperekezedwa ndi okestra, mu D major m'chaka cha 1806, ndipo Brahms ndi Tchaikovsky, aliyense payekha, analemba zawo mu D major m'chaka cha 1878. Chifukwa chake chili m'chidacho. Mu D, nsambo za D, A ndi G zimakhala doh, soh ndi fah, kotero kuti zimalira zokha motsatira ngakhale uta sunazikhudze, ndipo vayolini yonse imamveka yotseguka. Ichi ndicho chifukwa chake sindilimbikitsa kuuza woyimba vayolini kuti akwere kapena atsike kiyi monga timachitira ndi kwaya ikalemedwa. Wa kiyibodi amangodina batani la transpose, losamutsira kiyi, koma wa vayolini ayenera kuphunziranso kaikidwe konse ka zala, ndipo pansi pa G wa kunsi kwa C wapakati chidacho chilibenso noti. Kusamutsa kiyi n'kotheka, koma ndi ntchito yokonzekera. Woyimba vayolini August Wilhelmj anatenga nyimbo ya Bach yotchedwa Air, imene inalembedwa mu D, n'kuitsitsira mu C m'chaka cha 1871 kuti iyimbidwe yonse pa nsambo ya G, ndipo mpaka lero mitundu iwiriyi ikupezeka pa intaneti pansi pa dzina limodzi. Funsani woyimba wanu kuti waphunzira mtundu uti musanakonzekere. Za batani la transpose ndinene zimene zinandichitikira pa ukwati wina ku Area 47: ndinaiwala kulibweza pa ziro titamaliza korasi imene tinaikweza ndi ma semitone awiri, ndipo vayolini italowa mu D ine ndinali mu E, mkwatibwi ali kale pakhomo.

Liwiro

Pamwamba pa nyimbo pamakhala mawu a Chitaliyana osonyeza mayendedwe ake. Largo ndi kuyenda motakasuka ndi modekha, Adagio ndi pang'onopang'ono, Andante ndi mayendedwe a munthu woyenda pansi osathamangira kanthu, Allegro ndi mwachangu ndi mwansangala, ndipo Presto ndi liwiro la mtondo wadooka. Pa ma metronomu ambiri, omwe ndi zida zogunda mofanana zosonyeza liwiro, analembapo kuti Largo ndi kugunda ka 40 mpaka 60 pa mphindi imodzi, Adagio 66 mpaka 76, Andante 76 mpaka 108, Allegro 120 mpaka 168, ndipo Presto 168 mpaka 200. Manambalawa muwatenge ngati malire otambalala. Metronomu inayamba kufalikira Johann Nepomuk Maelzel atailembetsa m'dzina lake m'chaka cha 1815, ndipo Beethoven anali mmodzi mwa olemba nyimbo otchuka oyambirira kuika manambala ake pa nyimbo. Pachelbel anamwalira mu 1706, Vivaldi mu 1741 ndipo Bach mu 1750, kotero kuti nambala iliyonse ya metronomu imene mungaione pa pepala la nyimbo zawo inaikidwa ndi wosindikiza wa pambuyo pake. Muilemekeze ngati maganizo a munthu wodziwa, koma simukulakwira mwini nyimbo mukaisintha.

Kuti muyeze liwiro la nyimbo yojambulidwa, yambani mwadziwa chimene mukuwerenga. Yang'anani manambala awiri osanjikizana a kumayambiriro, kapena mverani pamene pakugwera kugunda kolemera. Mu 4/4 mumawerenga zinayi, mu 3/4 zitatu, pamene mu 6/8 ndi 12/8 kugunda kulikonse kumagawika patatu, kayendedwe kamene khutu lozolowera ng'oma za kwathu silivutika nako. Gundani phazi motsatira nyimbo, werengani kugundako kwa masekondi 15, ndipo chulukitsani kanayi. Mukapeza 16, ndiye kuti liwiro ndi 64 pa mphindi imodzi. Bwerezani muyezowu pa malo atatu osiyana, poyamba, pakati ndi chakumapeto. Pulogalamu ikakuuzani kuti nyimbo yodekha ya kulowera mkwatibwi ili pa 128, dziwani kuti yawerenga manoti ang'onoang'ono n'kuwirikiza kawiri nambala yeniyeni, ndipo inu muigawe pakati. Cholakwa chimenechi chimachitika kawirikawiri pa vayolini chifukwa mulibe ng'oma yoti pulogalamuyo igwirepo.

Mukayeza pa malo atatu aja, mwina mupeza manambala atatu osiyana, ndipo musaganize kuti mwalakwitsa. Oyimba nyimbozi amachedwetsa pamene chiganizo chikutha, amafulumiza pamene mtima wa nyimbo ukukwera, ndipo chizolowezi chimenechi amachitcha rubato. Méditation ya Massenet, yochokera mu sewero loyimba la Thaïs la mu 1894, ili mu D major ndipo pamwamba pake analembapo Andante religioso, koma amene angayese kuiyimba motsatira metronomu kuchokera poyamba mpaka pomaliza aipha ili moyo. Pa nyimbo yotere, m'malo mwa nambala imodzi, lembani mapu a liwiro pa pepala lanu ndi pensulo. Ikani chizindikiro pamene woyimba amachedwa, pamene amagwira noti kwa nthawi yaitali, ndi pamene amabwerera pa liwiro loyamba. Metronomu igwire ntchito pophunzira, pamene mukufuna kuti zala zizolowere, ndipo muyambe pa liwiro lotsika n'kumakwera ndi manambala anayi kapena asanu nthawi iliyonse. Mukakumana ndi woyimba vayolini izimitseni, ndipo chimodzimodzi zimitsani ng'oma zodziyimba zokha za pa kiyibodi.

Liwiro limathandizanso kudziwa kutalika kwa nyimbo, ndipo pa ukwati imeneyi ndi nkhani yaikulu. Tengani Canon ya Pachelbel, imene inalembedwera mavayolini atatu ndi besi mu D major. Besi yake ndi manoti 8 odzaza ma bar awiri (bar ndi kachigawo ka nyimbo, ndipo muno kali ndi kugunda kunayi), ndipo amabwerezedwa ka 28. Pa liwiro la 60, noti iliyonse imatenga sekondi imodzi, kuzungulira kumodzi kumatenga masekondi 8, ndipo nyimbo yonse imatenga pafupifupi mphindi zitatu ndi masekondi 45. Ngati mkwatibwi ndi omuperekeza amatenga mphindi imodzi ndi theka kuchokera pakhomo kufika kutsogolo, mukufunika kuzungulira ka 11 kapena ka 12 kokha. Kuli bwino kugwirizana pamene mudulire kusiyana ndi kuthamangitsa nyimbo kuti ithe yonse.

Ma chord a pansi pa vayolini

Ngati pali gawo la piyano lolembedwa ndi mwini nyimbo, liphunzireni, ngakhale mutalipeputsa pochotsa manoti ena a dzanja lamanja. Ngati palibe, yambani ndi ma chord atatu a pakhomo, a doh, fah ndi soh, omwe mu D ndi D, G ndi A, ndipo muwonjezere atatu a minor, a lah, ray ndi me, omwe ndi B minor, E minor ndi F shapu minor. Mvetserani besi musanamvetsere vayolini, chifukwa besi ndiyo imaulula chord. Mu Canon ija besi imati doh, soh, lah, me, fah, doh, fah, soh, ndipo ma chord ake ndi D, A, B minor, F shapu minor, G, D, G ndi A. Pa nyimbo zina zimene besi yake sikumveka bwino, yang'anani manoti aatali a vayolini ndi amene chiganizo chikutherapo, n'kusankha chord imene ili ndi notiyo m'kati mwake.

Pano pali chizolowezi cha ku kwaya chimene chingakusocheretseni. M'nyimbo zambiri za m'tchalitchi, noti imene yagwera pa kugunda kolemera imakhala ya m'chord, ndipo dzanja linazolowera kuitsatira. M'nyimbo za classical, vayolini imakonda kutsamira dala pa noti yachilendo pa kugunda kolemerako, n'kutsikira pa noti ya m'chord pambuyo pake. Mukamva E wautali pamwamba pa chord ya D, musathamangire kusintha chord, dikirani muone ngati E ameneyo satsikira pa D. Kukhulana kwa kanthawi kumeneko ndiko kukoma kwa nyimboyo, ndipo woperekeza akakuchotsa, nyimbo imasukuluka ngati ndiwo zopanda mchere. Nyimbo ikayamba kusamukira ku kiyi ina mudzaona noti yatsopano ikubwerezabwereza. Mu D, kuwonekera kwa G shapu kumasonyeza kuti mukupita ku A, ndipo chord ya E7, kutanthauza E, G shapu, B ndi D, ndiyo ikutsegulireni njira.

Pa kasankhidwe ka mawu a kiyibodi, ine ndimakonda piyano wamba. Mawu otsanzira nsambo amaphimba vayolini yeniyeni ndipo amaonetsa poyera kusiyana kulikonse kwa machunidwe. Manja anu akhale kunsi kwa pamene vayolini ikuyenda, ndipo musayimbe nawo tchuni chake noti ndi noti.

Kulumikiza nyimbo ziwiri

Makiyi amagwirizana molingana ndi manoti amene amagawana. D ndi A amasiyana noti imodzi yokha, D ndi G chimodzimodzi, pamene D ndi B minor ali ndi zizindikiro zofanana. Oyimba amaonetsa ubale umenewu pa chozungulira cha makiyi 12, ndipo ma DJ ali ndi chawo chotchedwa Camelot, chimene chimapatsa kiyi iliyonse nambala ndi chilembo, B kuimira major ndi A kuimira minor. C major ndi 8B, G major ndi 9B, D major ndi 10B, A major ndi 11B ndipo E major ndi 12B. Kumbali ya minor, A minor ndi 8A, E minor ndi 9A, B minor ndi 10A, D minor ndi 7A ndipo G minor ndi 6A. Lamulo lake n'lakuti mukhale pa nambala yomweyo, kapena musunthe ndi nambala imodzi osasintha chilembo, kapena musinthe chilembo osasintha nambala. Nyimbo ya vayolini ya mu D major, imene ndi 10B, imalandirana bwino ndi 9B, 11B ndi 10A. Chozungulirachi chimaika D major ndi D minor kutali, pa 10B ndi 7A, koma ngati nyimbo imodzi yatha ndipo inayo ikuyamba pambuyo pake, khutu limalandira kusinthako mosavuta chifukwa noti ya pakhomo ndi imodzi. Chimene simuyenera kuchita ndi kuziliza pamodzi, pakuti F ndi F shapu amamenyana.

Kiyi yofunika polumikiza ndi ya malo amene mukudulira, ndipo imeneyi ingasiyane ndi yolembedwa pa mutu wa nyimbo. Concerto ya Vivaldi ya nyengo yozizira, imene ili m'gulu la nyimbo zinayi za nyengo zosindikizidwa ku Amsterdam mu 1725, imadziwika kuti ndi ya F minor, koma gawo lake lapakati, la Largo, limene anthu amalikonda pa zochitika, lili mu E fulati major. Choncho dulani gawo limene mukufuna, liyezeni palokha, ndipo mvetserani makamaka ma bar anayi omalizira. Za liwiro, kumbukirani kuti kufulumizitsa nyimbo ndi magawo 6 pa 100 alionse kumaikweza pafupifupi semitone imodzi ngati simunatseke kiyi, kutanthauza kuuza pulogalamu kuti isasinthe kiyi pamene liwiro likusintha, ndipo magawo 3 amaisiya pakati pa makiyi awiri, pamene palibe chimene chingagwirizane nayo. Kutseka kiyi kumathetsa vutoli, koma vayolini ikakokedwa kwambiri imayamba kumveka ngati ikulira m'madzi, ndipo ngakhale mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity, momwe liwiro ndi kiyi zimasinthidwa padera, malire amenewa alipo. Kwa ine, kuika biti pansi pa nyimbo ya rubato n'kudzivutitsa chabe. Isiyeni vayolini ifike pa chord yopumira, noti yomaliza ikuzilala, ndipo nyimbo yachiwiri ilowe pamenepo ndi mawu oyamba opanda ng'oma, ng'omazo zibwere pambuyo.

Wa kiyibodi amene ayenera kuchoka pa vayolini kupita ku nyimbo ya mpingo amamanga mlatho ndi ma chord ochepa, ndipo chinsinsi chake ndi chord ya soh ya kiyi yatsopano. Kuchoka mu D kupita mu G, onjezani C pa chord yanu ya D kuti ikhale D7, ndipo G atseguka yekha. Kupita mu A, dutsani pa B minor ndi E7. Kupita mu F, kumene kuli nyimbo zambiri za m'buku, ulendo ndi wotalikirapo: sinthani D major akhale D minor, pitani ku G minor, kenaka C7, ndipo mufike pa F. Chord iliyonse ipatsidwe bar yathunthu kuti makutu a mpingo asamuke nanu, ndipo m'ma bar omwewo sinthaninso liwiro pang'onopang'ono kufikira pa limene anthu ayimbire. Ngati nyimbo ya mpingo ili ndi mpata wosunthidwa, isunthireni kufupi ndi kiyi ya vayolini, koma muyese kaye noti yake yapamwamba kwambiri, chifukwa mpingo wamba umayamba kuvutika ukadutsa D kapena E wam'mwamba.

Zonsezi ziyesedwe pa malo enieni a mwambo, makamaka tsiku loyeserera ukwati, pamene omuperekeza mkwatibwi akuyeserera mayendedwe awo. Yezani ndi wotchi nthawi imene akutenga, ndipo muwonjezerepo pang'ono, chifukwa pa tsiku lenilenilo diresi, ojambula ndi nthungululu za azakhali zimachedwetsa mdipiti. Holo ya denga lalitali ndi makoma a simenti imabweza mawu, ndipo m'malo otere liwiro litsike pang'ono kuti manoti asapondane. Ikani kiyibodi pamene mungaone dzanja lamanja la woyimba vayolini, pakuti iye sawerenga mokweza poyamba nyimbo, amangokoka mpweya n'kukweza uta, ndipo kutalika kwa mpweya umenewo ndiko kukuuzani liwiro. Gwirizananinso chochita magetsi akazima: vayolini ipitirize yokha mpaka pa malo opumira, ndipo magetsi akabwera muyambe mwaona ngati kiyibodi yasunga machunidwe ndi transpose yanu musanalowenso. Chizindikiro chomalizira chikhale chimodzi chokha, monga kugwedeza mutu pamene mkwatibwi wafika pa benchi yachiwiri kuchokera kutsogolo. Mukachiona pa Canon ija, malizani kuzungulira kumene mwakuyamba, chedwetsani pa chord ya A, ndipo mugwire D mpaka uta utachoka pa nsambo.